Tsiku limene achimwene analowa m'dzenje

Ine ndine mayi wa kufupi ndi Chisepo, m'boma la Dowa. Achimwene anga anali m'gulu lothyola magolosale ku Lilongwe. Atatuluka kundende anabwerera kumudzi n'kunena kuti zakuba azisiya. Palibe anakhulupirira. Akamadutsa, azimayi ankaanula zovala zisanaume.

Anzawo akale ankawaimbira foni, ndipo ine ndinkaopa kuti tsiku lina adzatopa ndi kusalidwa n'kuwatsatira.

Kenaka m'mudzi munagwa maliro. M'mawa achimwene anasenza khasu kupita kumanda. Kwathu adzukulu amakumba mosinthana, wotopa amatchula womulandira. Nditapititsa madzi, ndinapeza achimwene ataima okha pansi pa mtengo. Aliyense anali atalowa m'dzenje kawiri, iwo osatchulidwa. Kumsewu anzawo aja anali ataimika njinga zamoto, akuliza hutala.

Ndinaona achimwene akutsitsa khasu paphewa. Anayang'ana kumsewu.

Pomwepo bambo wina amene achimwene, ali mnyamata, anamubera mbuzi anadzutsa mutu m'dzenjemo.

"Iwe mphwanga, wabwera kudzaonerera? Ndikoke ulowe, msana wanga wathyoka. Mphamvu za mbuzi zanga zija zionekere pano!"

Adzukulu anaseka, achimwene anamukoka dzanja n'kulumphiramo. Njinga zija zinadikira, kenaka zinapita.

Achimwene anatuluka ali psuu ndi katondo, misozi italemba mizere kumaso. Chaka chino akusoka fodya m'chigafa cha bambo yemweyo.

Omvera anzanga, wolakwa akabwera ndi khasu lake, mutchuleni msanga. Kumsewu kuli ena amene akumuitana.