Amuna Anga Sapita Kumudzi

Monire mose, abale ndi alongo mwa Ambuye. Mwakhala mukumva za mzimayi wamkulu wopanda manyazi amene amanyamula zitsulo ku Mchengautuwa. Ndine amene, ndipo lero mumve chifukwa chake.

Amuna anga, a Chirwa, anadwala sitiroko, mbali yakumanja nkufa. Kuwadzutsa pabedi, kuwakhazika pampando, kupita nawo kubafa, zonsezo ndinali ndekha. Patatha miyezi inayi msana wanga unakana. M'mawa wina ndikuwadzutsa, ululu unandibaya m'chiuno, tonse awiri khu! pansi. Tinagona pasimentipo mpaka aneba anamva kukuwa kwanga.

Nkhani inafika kwawo ku Nkhata Bay. Achimwene awo aakulu anaimba foni: "Alamu, mwalephera. Disembala tibwera ndi galimoto kudzatenga m'bale wathu." Kumudzi, kutali ndi chipatala, munthu ndakhala naye kuyambira ndili mtsikana! Ndinalira chomene. Ndinayamba kusala kudya kuti Mulungu andipatse mphamvu, koma thupi linkangofookerafookera.

Yankho linadzera mwa munthu amene sindinkamupatsa ndi moni womwe. Ndi a Nyirenda, owotcherera zitsulo kuseri kwathu, omwe ndinkadana nawo chifukwa cha phokoso la anthu onyamula zitsulo pabwalo pawo. Anandiona ndikunyamula ndowa ya madzi, nkuima.

"Amama, mukunyamula ngati mukusesa. Miyendo njo, msana wopinda. Adada odwalawo mumawanyamulanso choncho?"

Ndinafuna kuwayankha mwano, koma ankanena zoona. Azimayife tinakula tikuwerama choncho posesa, pochapa ndi polima. Komatu tsache sililemera, mwamuna amalemera.

Kuchipatala atandiuza kuti mafupa ali bwino, vuto ndi minofu yofooka, ndinapita kwa a Nyirenda. Chitsulo chawo ndi paipi yaitali, uku ndi uku simenti youmbira m'zitini za penti. Ine anandipatsa paipi yopanda kanthu. Ankati ikhale pafupi ndi miyendo, matako abwerere m'mbuyo, msana uwongoke, kokani mpweya muumitse mimba, kenako kankhani nthaka ndi mapazi. Masabata atatu athunthu paipi yokhayokha, ine kupsa mtima! Atamva zoti ndikusala anagwira mutu. "Pempherani amama, koma idyani." Ndinayamba kudya mazira, usipa, nyemba ndi mtedza, ndipo zitini zinayamba kuwonjezeka pang'onopang'ono.

Ndiye pakamwa pa anthu! Ati ndikuvala buluku m'kati mwa chitenje kukasaka amuna, wanga ali chigonere. Ena mwa inu mukuwerenganu mukudzidziwa. Sindinakuoneni ndi mmodzi yemwe kubwera kudzandithandiza kusambitsa wodwala. Zinandiwawa, sindinama, koma sindinajombe ngakhale tsiku la mvula.

Alamu anabweradi, matiresi atayala kale kumbuyo kwa galimoto. Iwo ndi dalaivala wawo anagwira a Chirwa, wina kukhwapa wina kumiyendo, akukokana, wodwala akubuula. Ndinati, "Tapatukani." Ndinaima pafupi, ndinapinda mawondo, ndinawakumbatira amuna anga m'chiuno, ndinakoka mpweya nkudzuka nawo. Ndinawakhazika pampando phee, msana wanga osamva kanthu. A Chirwa, omwe lilime limawalemera, anayang'ana achimwene awo, kenako anatulutsa mawu amodzi okha: "Sindipita."

Galimoto inabwerera ndi matiresi okha.

Yewo Ambuye, munandiyankha kudzera pakhomo limene ndinkalinyoza. Yewo chomene a Nyirenda. Inu amene mukusamala wodwala ndipo anthu akuuzani kuti mwalephera, musawamvere. Pempherani, idyani, ndipo ponyamula pindani mawondo. Olankhula alankhule, mawa ndipitanso kuzitsulo. Pano ndikulemba, amuna anga ali pakhonde akuwothera dzuwa, pakhomo pawo.