Liwu Lapansi la Njiwa za ku Msoro

Malemu mayi athu aang'ono, a Tabeth Chulu, anabadwa pa 9 Juni 1946 kuno ku Msoro. Wowerenga mbiriyi ndine Ruben, mwana wa akulu awo, ndipo zina mwa izi ndazidziwa chaka chomwe chino, imvi zili mbuu.

Anayamba sukulu pa mishoni mu 1954. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi a Delia ndi a Rosemary, ndipo atatuwa ankaimba motsanzira magulu a atsikana a ku Amereka amene ankawamva pa wailesi ya aphunzitsi. A Rosemary ankatsogolera, a Delia ankavomereza, malemu n'kumagwira liwu lapansi, kumangoti bom, bom, bom mpaka nyimbo kutha. Anthu anawatcha Njiwa za ku Msoro.

Mu 1963 kunabwera bambo wina wojambula nyimbo ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Njiwazo zinakwera lole ya thonje n'kukajambula nyimbo ziwiri m'sitolo yotchingidwa mabulangete m'mazenera, ndipo pambuyo pake aliyense analandira chimbale chake. Dzina la bamboyo sitikulidziwa, ngakhalenso kumene zimbale zina zinapita. Ngati alipo wodziwa pano, atipeze tikachoka kumanda.

Gululo silinajambulenso, pakuti pofika 1966 onse anali pabanja. Malemu anakwatiwa ndi a Onesmus Njobvu, analima nawo thonje, kenaka anasoka zovala zaka zambiri pamsika wa Jumbe.

Mu 1978 mtsinje wa Lupande unasefukira mpaka kulowa m'nyumba. A Njobvu, munthu wosamala katundu, anayanika chimbale chija pamalata pamodzi ndi mabulangete. Dzuwa la kuno nonse mukulidziwa. Pofika masana chinali chitapindika ngati chipewa. Kuchokera apo umboni unalibe, moti adzukulu akamva za Njiwa ankati agogo akungokometsa nkhani. Malemu ankaseka nawo, koma zinkawapweteka.

Mu Meyi chaka chino anayamba kudwala mtima. Atagonekedwa m'chipatala anapempha chinthu chimodzi, kuti adzimve akuimba asanapite. A Rosemary anamwalira kale ku Kitwe, ndipo a Delia tinali titasowana nawo. Mdzukulu wa malemu, Cynthia, wogwira ntchito ku loji ku Mfuwe, anafunsa m'maminibasi ndi m'mipingo mpaka anawapeza ku Katete. Chimbale chawo chinali pakhoma ngati chithunzi, msomali uli pabowo lapakati. Galamafoni anaipeza kwa wokonza mawailesi ku Chipata, n'kujambula nyimbozo pa foni.

Pa 2 Ogasiti tinawaikira malemu foniyo pakhutu, ife mipango yopukutira misozi ili m'manja. Anamvetsera atatsinzina, chala chikugunda pabulangete. Kenaka anatsegula maso n'kunena kuti a Delia analowa mochedwa pa ndime yachiwiri, ndipo kuti anawauza tsiku lomwelo mu 1963. Anaseka mpaka namwino anabwera kudzaona. Atatero analamula kuti mdzukulu aliyense abwere adzamve yekha, iwo akumuyang'ana kumaso. Anatisiya pa 5 Ogasiti, womaliza atamva.

Asiya ana anayi, adzukulu khumi ndi atatu ndi zidzukulutudzi zisanu. A Njobvu anatsogola mu 2009, atakhululukidwa kale za malata. Tikuthokoza a mpingo, anamwino, adzukulu okumba manda, amayi ophika ndi Cynthia. Tikuthokozanso a Delia amene akhala apo, ndipo dzulo lomweli amakanitsitsa kuti sanachedwe.

Ponyamuka tiika nyimboyo pa sipika, mlanduwo muweruze nokha. Koma mutcherenso khutu pansi pa mawu a awiriwo. Bom, bom amene mumveyo ndi mayi athu ali mtsikana. Amayi, munkanena zoona, ndipo tonse tamva. Usani mumtendere.