Chingwe cha mfundo ziwiri

Pa siteji ya basi, bambo wina anayamba kucheza ndi mayi amene anakhala naye pabenchi.

"Pepani mayi, chingwe cha mfundo ziwiricho n'chantchito yanji?"

"Ndimayezera zitseko. Ndikugula fulati ku nyumba zosanja zatsopano zija, kopanda phokoso kuja."

"Anzanu amayang'ana khitchini ndi matailosi, inu zitseko?"

"Mfundo iyi kufika iyi ndi kukula kwa njinga ya olumala ya amuna anga. Mafulati asanu ndawakana, njingayo sikanalowa kubafa. Lero ndiye ndapeza, mpata mpaka kutsalako."

"Akasangalalatu bambowo."

"Chichitikireni ngozi ija ndimachita kuwanyamula polowa kubafa, iwo tsiku lililonse amvekere, 'Pepa mkazi wanga.' Zaka zitatu akupepesa! Ndikufuna adzalowe okha, adzanditsekere kunja."