Fungo la Mphira pa Pikapu ya Tomato

Pamzere wa m'sitolo ya zipangizo za galimoto, bambo wina woyendetsa pikapu ankadandaulira mayi wachikulire amene anali kumbuyo kwake.

"Mayi, sabata yonseyi galimoto ikununkha mphira yopserera. Lamba wa injini ndasintha, koma fungo lili pompo. Makaniko akuti ndigule kilatchi, aigoneke masiku atatu. Nanga tomato ndasenza panjayo, si awola?"

"Imanunkha nthawi zonse?"

"Ayi, ikanyamula katundu basi."

"Kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Aaa, ine ndimakhala kutsogolo. Zakumbuyo ndizidziwa bwanji?"

"Katunduyo mumamanga ndi chiyani?"

"Mphira za chubu, ngati wina aliyense."

"Pitani mukagwade kumbuyoko, mukaone paipi ya utsi. Malo ndikusungirani."

"Ndigwade ndi thalauza lochapa dzulo?"

"Thalauza siliwola, achimwene. Amawola ndi tomato."

Bamboyo anatuluka, n'kubwerera mawondo ali mbuu, atagwira kachidutswa ka mphira yosungunuka.

"Nsonga yake imalendewera n'kumakhudza paipi yotentha! Kodi mayi, ndinu makaniko?"

"Makaniko wa chiyani? Ndayenda zaka khumi ndi ziwiri pamwamba pa matumba, kumbuyo kwa pikapu ngati yanuyo. Fungo lonse linkathera m'mphuno zangazi, adalaivala ali phee kutsogolo."

"Ndiye ndikuthokozeni bwanji, amayi anga?"

"Chokani pamzerepa, mukundichedwetsa. Ndipo ulendo wina muziyamba mwaizungulira galimoto yanuyo musanabwere kudzalira kuno."