Chipewa Chinali Kuseri kwa Chitseko

Ine, wometa tsitsi, wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, wokhala kuseri kwa shopu yanga pafupi ndi depoti ya mabasi, amene makasitomala amangonditcha Lumo, ndabwera ndekha kuno kupolisi kudzanena zimene ndinaona. Ndamva kuti bambo amene muli nawo m'chitokosi sakudziyankhulira, pamene kuntchito kwawo dalaivala akangopezeka ndi mlandu wa ndewu, ntchito imathera pomwepo.

M'shopu mwanga muli mipando iwiri yometera, benchi, galasi lalikulu la pakhoma ndi TV. Pa TV imeneyo timaonera katuni ya ku Japan, zija achinyamata amati anime. Dzina lake lilime langa limakana, ife timangoti ya zitsime, chifukwa ndi nkhani ya gulu la anthu okumba zitsime m'dziko louma. Musaseke, bwana. Amuna a ndevu zawo akhala sabata osapatsana moni chifukwa cha katuni imeneyi.

Tili ndi lamulo limodzi. Pafupi ndi chitseko pali msomali. Munthu amene watsalira m'mbuyo poonera amapachikapo chipewa chake, ndipo chikakhala pamenepo palibe wololedwa kutchula za kutsogolo. Amene pakamwa pakumuyabwa amakakanganira panja.

Chaka chatha tinkaonera limodzi ndi mtsikana wa pashopu ya fotokope yoyandikana nafe. Tinkamutcha Loya, chifukwa akagwira mtsutso sankausiya. M'gawo lina, wophika wa gulu lija anathawa ndi bulu komanso mgolo womaliza wa madzi, anzake ali mtulo. Shopu yonse inagwirizana kuti munthuyo ndi mbava. Loya yekha anakana. Anati, "Amalume, bwezani kaye pang'ono. Mwauona mpeni wake? Wausiya pakhoma. Munthu wothawiratu angasiye mpeni umene amaunola tsiku lililonse? Abwerera ameneyo."

Amene ankalimbana naye kwambiri ndi wokonza magetsi wina, yemwe timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake palibe pozimitsira. Iyeyo ankati mtsikanayo ndi loya wa mbava. Tonse tinkaseka, ndi ine ndemwe.

Kenako katuniyo inapuma miyezi ingapo, monga amachitira. Isanayambirenso, Loya anadwala masiku ochepa n'kutisiya.

Patapita nthawi kunabwera bambo ake, omwe muli nawo m'chitokosiwa, dalaivala wa basi, munthu wa mawu owerengeka. Anandifunsa kuti, "Kodi mwana wanga ankadzatani kuno?" Ine ndinangowayatsira gawo loyamba. Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku lawo lopuma, kumeta ndevu ndi kuonera gawo limodzi. Poyamba ankangodandaula za maso aakulu ndi tsitsi lobiriwira. Tsiku lina anafunsa kuti, "Nanga anthuwa bwanji amayamba alengeza asanamenye mnzawo?" Koma sanajombepo.

Atafika pagawo la wophika, ndinawafotokozera za mtsutso wa mwana wawo. Anandiuza kuti ndibweze pamene pali mpeni, ndipo anauyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati mwanayo analekezera pamenepo, ine n'kuvomera. Anati, "Inenso ndaima pomwepa." Kuchokera tsiku limenelo sanaonerenso gawo lina. Ankabwerabe, kupachika chipewa chawo cha kuntchito pamsomali, ife n'kumakamba za mpira.

Gawo lomaliza linatuluka Lachisanu lapitali. Loweruka m'mawa m'shopu munali phokoso ngati pamsika. Ena ankati olemba nkhaniyo anatopa, angoimangirira kuti ithe. Ena ankati amvera anthu olalata pa intaneti. Telala wa kutsidya kwa msewu anati iyeyo analira, ndipo amene akufuna kumuseka akasoketse buluku kwina. Wailesi panalibe, anali kuntchito.

Masana a tsiku lomwelo bambo aja anafika, n'kupachika chipewa. Phokoso lonse linatha. Ndinawakhazika pampando wa pafupi ndi galasi, ndinaupendeketsa chagada, n'kuwaphimba nkhope ndi thaulo lofunda kuti ndevu zifewe. Pabenchi panatsala telala ndi makasitomala awiri.

Posakhalitsa Wailesi anatulukira ndi mpukutu wa waya paphewa, manja onse odzaza. Anakankha chitseko ndi phazi mpaka chinakagunda khoma. Chitseko changa chikatseguka chonse chimaphimba msomali uja. Choncho chipewa sanachione, ndipo munthu wa pampando sanamuzindikire chifukwa cha thaulo. Anayamba kuyankhula mwendo wina uli panja.

Mawu ake ndikuwakumbuka bwino. Anati, "Atipusitsa anthu awa! Nthawi yonseyi tikutukwana mbava, lero ikubwera ndi abulu osenza madzi, eti inakafuna chithandizo! Loya akanakhalapo bwenzi tikusowa pobisala."

Telala analoza chitseko, ine ndinakhosomola, koma mawu anali atatuluka kale.

Bambo aja anachotsa thaulo n'kudzuka mwachangu, moti lumo ndinachita kulithawitsira kumbuyo. Anamugwira Wailesi ovololo pachifuwa ndi manja awiri, n'kufunsa kuti, "Anabwerera?" Anabwerezanso, "Ukuti anabwerera?" Ine ndameta anthu okwiya ambiri, ndipo mawu a munthu wofuna ndewu ndimawadziwa. Awa sanali amenewo.

Wailesi atawazindikira anadzidzimuka n'kubwerera chambuyo. Waya uja anali atagwa pansi ndipo anamukola phazi. Anagwa chammbali, chigongono n'kumenya galasi, ndipo chidutswa chinamucheka mkono. Ndinali pafupi moti ndikanatha kuwakhudza onse awiri. Chibakera sindinachione, kukankha sindinakuone. Chimene ndinaona n'chakuti pamene ankagwa, bambowo ankamukokera kwa iwo, koma ovololo inapulumuka m'manja.

Amene anamanga mkonowo ndi bambo omwewo, ndi thaulo lomwe lija. Tinaimitsa takisi, ine kutsogolo, awiriwo kumbuyo. Panjira bambowo anayankhula kamodzi kokha. Anati, "Ndiye kuti mwana ananena zoona." Wailesi anayankha kuti, "Ananena zoona, bambo. Ndipo amene ndinkamuseka kwambiri ndine."

Kuchipatala anatipeza mlamu wake wa Wailesi. Ataona magazi pamalaya a bambowo anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Nthawiyo Wailesi anali m'kati, akumusoka. Bambowo anangoti, "Ndine." Mlamuyo ndi amene anakuimbirani foni. M'shopu munalibe iyeyo, ndipo katuniyi sanaionerepo ngakhale gawo limodzi.

Pali china chimene ndikupempha kuti mulembe, ngakhale simunandifunse. Lachisanu, nditamuona wophika uja akutulukira ndi abulu, ndinamva chisoni chachikulu, ndipo munthu woyamba kumuganizira anali Loya. Ndinafuna kuwaimbira bambo ake, koma ndinakumbukira msomali. Lamulo lija tinaliika kuti tisamalandane chisangalalo. Sitinaganizepo kuti tsiku lina lidzabisira munthu nkhani imene ankafunika kuimva kuposa ife tonse. Anzanga akukanganabe ngati mathero aja ali abwino kapena oipa. Ine mtsutso umenewo ndautuluka.

Galasi ndi langa, ndipo sindikudandaula nalo. Wailesi akutuluka m'chipatala lero, mukhoza kumufunsa nokha, kungoti mukonzeretu mapepala okwanira.

M'mawa uno munandilola kuwaona bambowo. Ndinawauza kuti chipewa chawo anachiiwala kushopu, ndiwabweretsera. Anapukusa mutu. Anati, "Chisiyeni pomwepo, a Lumo. Ndamva kuti anabwerera, koma sindinaone m'mene anabwererera. Ndikatuluka muno mudzandiyatsire kuyambira pamene mwana analekezera."

Chipewacho chikadali pamsomali, ndipo chitseko ndachiikira mwala kuti chisamatsegukenso chonse.

Zimene ndinaona ndi kumva ndi zimenezi, ndipo ndi zokhazo zomwe ndikudziwa.

Saini ya mboni: ____________________

Saini ya wolemba umboni: ____________________