Dzino Limene Linandiletsa Kuimba

Anzanga omvera, ndine mayi wa kwa Ndamera. M'masiku a chipani chimodzi, dzino linayamba kundimera kumapeto kwa nsagwada ndili kale ndi ana atatu. Ndinabalalika. Munthu wamkulu kumera dzino ngati khanda? Tsaya litatupa, ndinalibisa ndi duku chifukwa cha manyazi.

Thupi linatentha, kukamwa kunakana kutseguka. Tikuyeserera nyimbo za msonkhano wa chipani, ine ndinangoti duu.

"Mayi inu, mukukana kuimba?" anakalipa amayi apampando.

Atandivula dukulo anafuula, nandikweza okha lole ya thonje yopita kuboma. Kuchipatala adokotala anati ndikanachedwa, kutupako kukananditseka kummero.

Mpaka lero sindimvetsa, poti amene ndinkawaopa kuposa dzinolo ndi amene anandipulumutsa. Inu nsagwada zikauma, thamangirani kuchipatala, musadikire kukalipiridwa.