A Rafaelo, Ofunsa Katundu Asanasenze

Malemu amene tawazungulirawa, a Rafaelo Nkhoma, anabadwa pa Mayani chaka chimene ng'ombe zinagwa ndi mliri. Aphunzitsi akuti ndi 1893. Mayi awo anatisiya iwo akadali pabere, motero anakulira m'manja mwa agogo awo a Nangozo, amene anena mawu awa kuti muwerengeredwe, pakuti iwo zilembo sazidziwa.

A Nangozo anali atakwirira kale ana angapo, ndiye mdzukuluyo anamulera mwamantha. Kaya mtsuko, kaya mtolo wa nkhuni, sankalola kuti ufike pamutu pa mwanayo asanautukule pang'ono ndi kuubwezera pansi. Ankati katundu amayamba wafunsidwa, khosi lilibe linzake. Anzawo ankawaseka malemuwa, ati chidzukulu cha nkhalamba chimaopa ndi chikho chomwe.

Mu 1905 analowa sukulu ya kumishoni, agogo akuda nkhawa chifukwa panjira panali mtsinje. Kumeneko anabatizidwa. Mu 1911 anamanga banja ndi mayi Agnesi, mlongo wa a Ackim, bambo wamphamvu amene mukuwaona apowo.

Mu 1913, nyengo ya mwera, amuna a mudzi uno anatsikira kuchigwa kukasenza malata a tchalitchi chathu, ndipo ntchito yomanga mitolo inagwera malemuwa. Malata sitinkawadziwa, ndipo ndi onyenga. Atsopano amamatirirana ndi mafuta, awiri n'kuoneka ngati limodzi. Malemu ankagogoda lililonse ndi chala: lopyapyala limalira mokweza, lochindikala limalira pansipansi, omatirirana salira konse. Akatero ankatukula ngodya, n'kudziwa za munthu mmodzi ndi za anthu awiri. Anazindikiranso chimene ana inu musachiiwale: lata lili ndi kulemera kwake, koma likafika pamtunda mphepo imakwerapo n'kuwonjezera kwina.

Amuna ankafuna mitolo ikuluikulu kuti athane nazo ulendo umodzi, abwerere kumadimba. Malemu anakana. Anamanga mitolo yochepa, anthu awiriawiri, malata ataimika cham'mbali kuti mphepo ipite. A Ackim anaseka mpaka misozi, ati alamu anayamwa mantha m'malo mwa mkaka, abwerekedwe nsalu azikatunga madzi. A Ackimwo anadzimangira mtolo wawo waukulu, nauyala pankhata chogoneka, natsogola akuimba.

Atafika pamsana wa phiri, pamene njira imadutsa m'mphepete mwa phompho, mwera unalowa pansi pa malata aja. Munthu wamkuluyo anayamba kupepeluka ngati nkhuku yogwidwa mapiko, koma kusiya katundu ayi, manyazi! Malemu, amene ankayenda kumbuyo kwawo dala, anatula wawo, nawagwira m'chiuno, nawagwetsera kumtunda. Malata anauluka okha, ndipo anamveka akulira kunsi kwa chigwembe. Mtolo umodzi unatayika, koma amuna onse anabwera ndi makosi awo, mayi Agnesi sanalire mlongo. Maulendo otsatira panalibenso womanga mtolo a Rafaelo asanagogode. Azimayi analulutira pofika lata lomaliza, ndipo a Nangozo, amene sakonda zovinavina poopa kuthyoka, tsiku limenelo anavina.

Kwezani maso. Mvula yagwa chiyambire Misa, kodi alipo wadonthedwa? Denga limeneli linabwera pamitu ya anthu, osadya ngakhale mmodzi.

Mwezi uno wa Disembala 1918 chimfine chachilendochi chinalowa m'mudzi. Malemu ankatungira madzi mabanja amene agona onse, agogo akuletsa. Apa pokha sanamvere. Anadwala masiku ochepa, nalandira masakramenti, natisiya dzulo m'mawa.

Asiya mayi Agnesi, ana awiri Timoteyo ndi Sibongile, ndi agogo awo. Banja likuthokoza abambo ansembe, adzukulu okumba manda, azimayi amene agona pasiwa, ndi a Ackim amene sanachoke pamphasa ya wodwala. Mukachoka pano musaunjikane, matendawa sanakhute. Ana asayandikire dzenje, dothi lanyowa.

A Ackim apempha kugwira kutsogolo kwa chithatha. A Nangozo awalola, chifukwa awaona m'mawa uno akuchitukula pang'ono ndi kuchibwezera pansi.

A Rafaelo, tulani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.